Masupuni a Ba Dyton

Kuno ku Kanyama, mu Lusaka, ukangotchula mipeni, anthu amayamba aseka kaye, kenako nʼkunena kuti, “Ba Dyton!” Malemuwo anali bambo wamfupi, wofatsa, wosoka nsapato pafupi ndi siteji ya maminibasi, koma mipeni ankaikonda kuposa chakudya. Khoma lonse la pabalaza linali mipeni yokhayokha: yokhota, ya zigwiriro za nyanga, ina yaitali ngati mkono. Mlendo akalowa ankakhala mwaulemu kwambiri ndipo sankachedwa kutsanzika. Chonsecho eni akewo ankaopa magazi. Nkhuku ikati iphedwe, iwo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mnzawo wodwala ku Chawama.

Mavuto anabwera ndi foni imene mwana wawo Ricky anawatumizira kuchokera ku Joni. Pa intaneti anapezapo mpeni wa ku Italy, woti ukadina kabatani umatuluka wokha. Tulo tinatha. Koma atati agule, wogulitsa anayankha kuti mipeni yotereyi satumiza ku Zambia.

“Amake Ricky, onani!” anadandaula kwa akazi awo, Ba Magdalene. “Zambia yabalakwila chani?”

“Zambia ilibe mulandu. Bamvela chabe mbiri yanu.”

Sanagonje. Anapereka adiresi ya Ricky, mpeni nʼkufika ku Joni. Kumeneko kampani yonyamula katundu inakananso. Ricky anawachonderera kuti ausiye komweko, adzauona akadzapita kukacheza. Ba Dyton anangoti, “Nizapeza njila.”

Njirayo inali Namukolo, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, amene amapita ku Joni pa basi kukaoda mabulangete.

“Mwana wanga, kapaketi kangʼono chabe. Masupuni ya amake Ricky,” anamuuza Ba Dyton.

Kenako anamunamiza Ricky kuti Namukolo akudziwa zonse, mnyamatayo nʼkuukulunga mpeniwo bwinobwino.

Loweruka mmawa ndinali pakhonde pawo kudikira nsapato yanga pamene foni inalira. Mawu a Namukolo tinawamva tonse, ngakhale foniyo inali pakhutu pawo.

“Ba Dyton! Masupuni yanu yatuluka mpeni! Nili pa boda ku Chirundu, basi yanisiya, katundu yonse bagwila. Bakamba ati nizagona mu selo!”

Ana a Namukolo anali ataima pampanda, wamngʼono atagwira diresi la mkulu wake. Mʼmabulangete amenewo ndi mmene munali chakudya chawo, lendi ndi sukulu. Ba Magdalene anawayangʼana amuna awo osaphethira.

“Shuga yanikwela,” anatero Ba Dyton, akufufuza mpando.

Mayiwo analowa mʼnyumba, natuluka ndi suti ya kutchalitchi.

“Valani.”

“Bazanimanga, amake Ricky.”

“Bakamange imwe. Uja mwana alibe mulandu.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Bapelekezeni. Bakafuna kuthawa, gwilani jekete.”

Ndinaigwiradi jeketeyo pa Kafue, pomwe anati akutsika kukagula nthochi koma maso ali ku basi yobwerera ku Lusaka. Tikaona wapolisi pamsewu, thukuta linkatsika mpaka mʼkolala.

Pa boda anatilowetsa mʼkachipinda kotentha. Namukolo anali pabenchi, maso atatupa. Kuseri kwa tebulo kunali ofisala wamkazi, wamkulu thupi, wa mawu otsika oopsa kuposa kukalipa. Patebulopo panali mpeniwo, wopinda, wakuda, wonyezimira.

“Mwine wa ichi ni ndani?”

Ba Dyton anayangʼana chitseko. Anayangʼana ine. Akanakana, umboni panalibe, ndipo Namukolo akanatsala yekha ndi mlanduwo. Ofisala anayamba kutsegula kabati.

“Ni wanga, bwana.” Mawu anatuluka ngati a mwana. Kenako anatambasula manja onse awiri. “Uyu mwana ninamunamiza. Ngati ni kumanga, mangani ine.”

“Mufuna kulasa ndani?”

“Kulibe, bwana. Ni wopachika pa chipupa.”

“Pa chipupa.” Ofisala anawayangʼana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. “Nionetseni mwamene usegukila.”

Apa ndiye mantha anawathawa. Anaunyamula ndi manja awiri, nkhope ikuwala ngati ya mkwati, nayamba kufotokoza za chitsulo chake. Anadina kabatani. Koma anali ataugwira chozondoka. Tswa! Kadontho ka magazi kanatuluka pachala chachikulu. Anakayangʼana, nati, “Amake Ricky,” nʼkugwa chagada.

Namukolo, amene pa foni analumbira kuti awapotokola khosi, ndiye anali woyamba kugwada. Ankawakupiza ndi chitenje uku akuwatukwana mʼChilozi. Ofisala anayesa kudzigwira, koma mapewa ankagwedezeka.

Mafunso anatenga tsiku lonse. Pomaliza ofisala anamubwezera Namukolo mabulangete ake, nawadzudzula Ba Dyton mpaka makutu kuwawa, ndipo mpeni unatsala komweko. Tili pakhomo, bamboyo anatembenuka, chala chili mʼbandeji.

“Bwana, muziupakako tumafuta. Ungachite nguwe,” anatero, poopa kuti mpeniwo uchita dzimbiri.

“Chokani!”

Namukolo sanawapatse moni dzinja lonse. Iwo sanadandaule. Ankangotola nsapato za ana ake pakhomo, nʼkuzibweza zitasokedwa. Ba Dyton atadwala chaka chatha, phala la kuchipatala ankapititsa ndi Namukolo yemweyo, akuwakalipira kuti amalize mbale. Pamaliro awo Namukolo analira mpaka azimayi kumutulutsa panja.

Masiku ano pa siteji pamene ankakhala pali wogulitsa machaja. Palibenso wokukoka malaya uli pa changu kuti uone chithunzi cha mpeni pa foni. Tinkawathawa, koma tsopano ndikadutsa pamenepo ndimachepetsa liwiro ndekha.

Mipeni Ricky anaitsekera mʼbokosi. Tsiku lina ndinakawazonda Ba Magdalene, ndipo ndinawapeza atakhala pabalaza, akuyangʼana khoma la misomali yokhayokha.

“Ni chipupa choipa,” anatero. “Bantu bakamba ati nizule misomali, nipake penti.”

Ndinati ndikhoza kubwera ndi hamala Loweruka.

Anayangʼananso khomalo.

“Osati iyi wiki,” anatero.