Chigubu cha Apongozi pa Makina Atsopano

Mpaka lero apongozi anga aakazi akamva wina akunditama kuti ndimatha kuwotcherera zitsulo, amangotsokomola. Chifuwa chimenechi ndidachiyambitsa ndine.

Shopu yanga ili pa Namadzi. Zaka zonsezo ndinkawotcherera ndi ndodo, zija zosiya makoko oti uzichita kugogoda. Ndiye mlamu wanga wa ku Joni adandibweretsera makina ena: waya amangodzitulukira ukadina, pambali pali botolo la gasi, ndipo adati amagwira ndi aluminiyamu yemwe. Nditayesa pachitseko chachitsulo, mzere udatuluka wosalala ngati wa telala. Ndidawakonda pompo. Makina akale ndidawakankhira kukona osawatsanzika n'komwe (paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi).

Mbiri idafika kumudzi komwe ndili pa chikamwini. Apongozi ali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, ndipo chigubu chawo cha aluminiyamu, chokhacho chopititsira mkaka kogulitsa, chinkadontha kunsi. Adabwera nacho okha kushopu, mkazi wanga ali pambuyo. Poti mwambo sulola kuti tiziyang'anana, adakhala cham'mbali n'kumayankhula ndi mwana wawo ngati ine kulibe.

"Auzeni bambo a Chisomo kuti kabowo kake n'kochepa, kongolowa singano. Mawa mmawa chikufunika."

"Auzeni amayi kuti asadandaule," ndidayankha. "Ntchito yochepa imeneyi."

Ndidaika waya wake woyenera, gasi ndidatsegula. Apo ndidakhoza. Koma manja anga adakulira pa chitsulo, ndipo chitsulo chimachenjeza: chikatentha chimafiira, iwe n'kudziwa kuti usunthe. Ndidadina, ndikudikira kufiira. Osafiira. Ndidawonjezera moto (inde, ndidawonjezera). Osafiirabe. Kenaka ndidangomva kuti fwaa! Pokweza chigoba chakumaso, ndidapeza bowo loti nkhonya yanga kulowa bwinobwino. Kudzera pabowopo ndinkaona mapazi a apongozi.

Aluminiyamu safiira, abale. Amangokhala mbuu, kenaka wapita.

Manyazi adandigwira moti ndidatsitsanso chigoba chija, ndikukhala momwemo. Apongozi sadakalipe. Adangofunsa mwana wawo mofatsa:

"Afunseni ngati amaliza, kapena akufuna aboolenso mbali inayi kuti zifanane."

Mkazi wanga sadafikitse uthengawo chifukwa cha phwete.

Mkaka sudikira munthu. Kuyambira mmawa wotsatira, ine bambo wandevu zanga ndinkaukwezera panjinga m'ndowa ziwiri zapulasitiki, ndikupalasa ngati ndanyamula mazira, ukukhavukira pathalauza, mpaka chigubu china chitapezeka. Alimi anzawo a apongozi ankandipatsa moni mwaulemu wonyanya: "Mwadzuka bwanji amisiri?"

Makinawo ndi abwino, sindingawanamizire, ndipo mageti a pa Namadzi ambiri ndi ntchito yawo. Koma akangotulukira mayi atanyamula poto wa aluminiyamu, ndimamuuza kuti magetsi azima, ngakhale wailesi ikulira kumbuyo kwanga.