Miyeso ya Mkwati Ili Kumtambo

Lolemba
Lero ine telala wa pa Jenda ndalowa m'zamakono. Kumaphunziro a amalonda ku Boma anatiuza kuti kope limanyowa, limadyedwa ndi chiswe, koma zosunga "kumtambo" sizitayika. Mtambowo si wa mvula ayi, akuti ndi makompyuta a eni ake kutali uko, iwe umangotumizako pa foni. Ndiye miyeso ya makasitomala ya zaka khumi ndi ziwiri ndaijambula yonse n'kutumiza. Kope ndapatsa NyaMoyo wogulitsa pakhonde langa kuti azikulungira zitumbuwa. Mkazi wanga wangoti, "Mbwenu mwachenjera chomene." Kanenedweko sindinakakonde.

Lachiwiri
NyaShaba a ku Edingeni abwera ndi nsalu ya suti. Mwana wawo Wongani akukwatira Loweruka, koma ali ku Joni, basi yake ifika m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndinamuyeza pa Isitala. Banja limeneli silisoketsa kwina, kuyambira yunifolomu za ana mpaka za mvano, ndiye sutiyi iyenera kutuluka ngati ya m'sitolo. Ndawauza monyada kuti miyeso ili kumtambo. Ayang'ana kumwamba, kenako ayang'ana ine.
Atachoka ndatsegula foni. Kagudumu kakungozungulira.

Lachitatu
Mvula. Mitambo yadzaza kumwamba konse, wanga wokha ndiye sukuoneka. Netiweki ndaisaka:
pakhonde
pa siteji ya basi
kuseri kwa chigayo, pamwamba pa chulu, ambulera dzanja ili, foni dzanja ili.
Pachulupo yagwira pang'ono, bandulo n'kutha. Nsalu idakali yopinda patebulo.

Lachinayi
Bandulo ndagula. Tsopano akufuna pasiwedi. Ndayesa dzina la mkazi wanga, lakana. Dzina la ng'ombe yanga, lakana. "Jenda", lakana. Anditsekera kunja, ati ndiyesenso pakapita masiku atatu. Miyeso yanga, tepi yanga, koma ndikupempha kuti andionetseko. Kope lija silinandifunsepo kuti ndine yani.
Ndaimbira Wongani kuti adziyeze yekha ndi chingwe. Foni sikupezeka, ali kale panjira.

Lachisanu
Ndapita kwa NyaMoyo ndi ulemu wonse. Kope latsala chikuto ndi masamba anayi, la Wongani linakwera basi ya ku Lilongwe ndi zitumbuwa zitatu. Iwo akuseka mpaka misozi: "A telala, si munati pepala n'lachikale?"
Ndakwera kabaza mpaka Edingeni m'matope. Miyeso ndati yangochedwa pang'ono. NyaShaba akuti Wongani ndi mkulu wake amafanana ngati mapasa, ndiye ndayeza mkuluyo. Kubwerera, kudula, kusoka, osadya. Msana ukuwawa, koma suti yake ndi yokongola, ndinene zoona.

Loweruka
Amafanana nkhope basi!
Buluku lathera pamwamba pa akakolo. Jekete lakana kutseka, manja ake aima pakati pa mkono. Wongani wayesa kupuma mokokera mimba mkati, batani n'kuuluka. Wakwatira atavala jekete la bambo ake ndi buluku lomwe anagona nalo m'basi. Suti yanga yavalidwa ndi mkulu wake, wavina nayo tsiku lonse, anthu ochokera kutali n'kumamufupa poganiza kuti mkwati ndi iyeyo.
NyaShaba sanandikalipire. Bola akanakalipa. Angothokoza kuti, "Yewo, a telala," n'kutembenuka. Ndachita manyazi zedi.

Lamulungu
Kwacha bwino, netiweki yadzaza. Pasiwedi ndaikumbukira m'tchalitchi nthawi ya ulaliki, ndi dzina langa lomwe. Ndatsegula, zonse zilimo. Wongani: chifuwa, chiuno, mkono, utali, manambala ooneka bwino. Aphunzitsi a ku Boma aja sananame, palibe chatayika.
Masana ndaona NyaShaba akudutsa ndi nsalu za yunifolomu za zidzukulu m'khwapa. Sanaime. Alowa kwa telala wa kutsidya kwa msewu, uja amalemba miyeso ndi choko pakhoma.