Amalume Anga Amene Anakana Kufa mu Kompyuta

Amwene, poti minibasi yake sikuonekayi, tasunthirani kuno ndikuuzeni mmene ndinapumira pa ntchito ndili ndi zaka 38. Eee, musandiyang'ane choncho! Setifiketi ili pakhoma, bulangeti lake ndi limene ndikufunda.

Dzina langa la ubatizo ndi Crispin. Koma pa esiteti ya tiyi kumtunda uko, kwa zaka eyiti, ndinali Fackson Namulekha, nambala 417. A Fackson enieniwo anali amalume anga. Anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe, ndipo anali ndi nyumba ku komboni: zipinda ziwiri, malata osadontha, mpopi uli apo. Nyumba ya kampani, inu mukudziwa, amapatsa wa ntchito yokhazikika. Ife a sizoni, mvula ikatha nafenso tatha.

Ndiye amalume anadwala mtima, miyendo kutupa ngati mitsamiro. Anapita kumudzi ku Khonjeni pa tchuthi, osabwerako. Kwathu mphwake amalowa dzina la amalume ake, ndiye pamaliro akuluakulu anati, "Crispin, kuyambira lero ndiwe Fackson." Ine mwambo ndimaulemekeza, sindichita mwatheka. Ndinatenga dzina, jekete, nambala, ndi nyumba yomwe. Lolemba m'mawa a Dan, kapitawo wathu, akuitana, "Folo-wani-seveni!" ine, "Ndilipo!" A Dan anandiyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kuchonga. Paja bokosi ananyamula nawo iwowo, chakumutu.

Chimene amalume anapita osandiuza n'chakuti analowa m'kafukufuku. Pachipatala cha esiteti analemba odwala mtima onse, kuti azitsatiridwa aone kuti amakhala zaka zingati. Wowatsatira anali Stafford, kalaliki wa pachipatalapo. Anamupatsa njinga kuti miyezi itatu iliyonse aziyendera odwalawo khomo ndi khomo. Koma Stafford ndi zitunda za Thyolo ndi adani. Iye ankangotsikira kusikelo n'kutsegula kaundula: nambala ikathyola tiyi, ndiye kuti mwini wake ali moyo. Chonga! Choncho ine ndikutuluka thukuta m'munda, amalume akuchira m'kompyuta ya madokotala ku Blantyre.

Tsiku lina Lolemba ndikuona Stafford akukankha njinga pakhomo, koyamba chilandirireni.

"Achimwene, tapsa."

"Wapsa ndani?"

"Tonse! Kukubwera dokotala Lachinayi. Akufuna a Fackson."

"Wa jakisoni?"

"Wa manambala. Akuti anzawo onse a gulu lawo anatha, atsala okha. Kompyuta ikukana kuwamvetsa."

Teleza, mkazi wanga, anasiya kupeta mpunga. "Muwauze kuti anapita ku Mozambiki."

"Akapita ku Mozambiki, nyumba ipita nawo. Tikagona m'tiyi?"

"Nanga mutani?"

Inu, pamenepa ndi pamene mtima wonyada unandigwira pakhosi. Ine kutsanzira ndi mphatso yanga. Ndimachita abambo mfumu akuyimba misa, ndimachita manejala akuyankhula pa foni, ndimachita galimoto ya masamba ikukwera mtunda mpaka agalu kuthawa mumsewu. Ndiye amalume anga omwe, amene ndinakula ndikumva chifuwa chawo? Ndinati, "Teleza, konza phulusa."

Tinaitanitsanso aanti Alesi, akazi a malemu, kuti akhale mboni. Anafika pa kabaza atavala chitenje cha pa Khirisimasi. Atamva nkhani anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye ndine mkazi wa pakhomo pano? Chabwino. Teleza mwanawe, tiyi wamkaka. Amuna anga, mundisunthire mpandowo."

Masiku atatu amenewo Teleza sanandiyankhule. Ankangoyankhula ndi mapoto.

Lachinayi ndinadzikonza. Phulusa m'mutu ndi m'ndevu, jekete la amalume, ndodo, ndi nsanza zokulunga m'miyendo kuti ioneke yotupa. Ndinadziyang'ana pagalasi mpaka ndinadzipatsa ndekha moni waulemu. Koma titangofika pakati pa munda, chiperoni chija chinatsika. Phulusa linayamba ulendo: kuchoka m'mutu, kudutsa m'makutu, kulowa m'kolala. Pofika kuchipatala, mbali ya kumanzere ndinali ndi zaka 74, ya kumanja 38. Aanti anandivundikira chipewa chawo chaubweya, chapinki, chokhala ndi kampira pamwamba.

M'chipindamo tinapeza anthu atatu: namwino watsopano amene sankandidziwa, mayi wamagalasi wokhala ndi kompyuta ya pamiyendo, ndi a Limbikani, manejala wa divishoni yathu. Amenewo sindinawaope. Antchito amationera pawindo la galimoto, tonse timafanana ngati mitengo ya tiyi.

"Ndine Triza," anatero amagalasiwo. "Agogo, ndakhala ndikukuonani pa kompyuta chaka chathunthu. Lero ndati ndikuoneni ndi maso."

"Ee, mwana-a-nga," ndinatero ndi mawu onjenjemera aja. "Ndi chisomo."

Anatembenuza kompyuta. Panali mzere ngati masitepe a kufakitale, kutsika kuchokera pamwamba.

"Apa m'pamene tinayambira, odwala onse ali moyo. Wina akamwalira, mzere umatsika sitepe imodzi. Wina akasamuka osadziwika kumene wapita, sititsitsa, chifukwa sitikudziwa. Timangoika kachizindikiro kuti tinamuona komaliza apa. Kenako kompyuta imayang'ana zaka, kulemera, BP, ntchito imene munthu amagwira, n'kutiuza kuti ndi ati amene ali pangozi kwambiri."

"Ndiye imadziwa tsiku la munthu?" anafunsa aanti.

"Ayi, mayi. Imangonena kuti mwa anthu handiredi odwala chonchi, ndi angati amafika zaka zisanu. Tsono onani gulu ili, la okalamba amene mtima unali utafooka kwambiri. Analipo ochepa. Masitepe, masitepe, masitepe, kenako..."

Mzere unangoti tantha! Kuwongoka ngati msewu wa ndege, mpaka kumapeto kwa galasi la kompyuta.

"Ameneyu ndi inu nokha, agogo. Ndipo mukuthyolabe tiyi. Mwakoka masamu onse, moti kompyuta yayamba kunena kuti kuthyola tiyi kumateteza mtima."

A Limbikani anadumpha pampando. "Mwamva? Ndakhala ndikunena ine! Tiyi ndi mankhwala! Onse aja amabweretsa makalata a ntchito zopepuka abwerere kumunda, akachire!"

"Bwana, munthu mmodzi si umboni," anatero a Triza. "N'chifukwa chake ndabwera. Asisitala, tayambani."

Namwino anandiimika pa chopimira msinkhu. Ndinapinda msana mmene ndikanathera, koma iye anandiwongola ndi dzanja limodzi ngati akuwongola waya. Anawerenga, anayang'ana m'faelo, anawerenganso.

"Agogo, mwatalika ndi masentimita eyitini."

"Ndi mapemphero, mwana-a-nga."

"Tayasamulani. M'faelo muli mano asanu ndi limodzi."

Ndinayasamula pang'ono. Iye anawerenga mpaka sate-thu.

"Anamera mvula ya chaka chatha," ndinatero.

"Kwezani buluku tione kutupa."

Sindinafunike kukweza. Nsanza ya kumanzere inali itamasuka kale, ikundilondola pansi kuchokera pakhomo ngati mchira wa ng'ombe. A Triza anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kulemba kenakake. Mayi ameneyo saseka, amangolemba.

"Patsiku mumathyola makilo angati, agogo?"

Apa ndikanati teni. Ndikanati fifitini. Koma inu, munthu amene wakhala nambala wani pa gulu la a Dan zaka zinayi zotsatizana anene teni? Pamaso pa manejala?

"Sikisite!" Mawu anatuluka anga enieni, a Crispin. "Tsamba likakhala labwino, sevente-faifi!"

A Limbikani anawomba m'manja. "Munthu uyu tikumuika pa kalendala ya kampani! Dikirani, ndikatenge faelo yake ku ofesi, ayenera mphoto." Anatuluka akuthamanga.

Ine ndinaona kuti ndawonjeza moto, ndibwezere ukalamba. Ndinakoka mpweya n'kutulutsa chifuwa cha amalume, chimene ndinayeserera masiku atatu kuseri kwa bafa. Kho-kho-khooo, hiii! Chinatuluka bwino, mpaka namwino anabwerera m'mbuyo.

Aanti Alesi anagwedeza mutu. "Iyayi."

Ndinawatsinzinira diso.

"Iyayi, usanditsinzinire. Zimenezo ndi za mbuzi. Malemu sankatsokomola choncho. Ankayamba ndi kakang'ono kawiri, kenako chachikulu, akamaliza amati 'Yesu Maria'. Zaka sate ndikugona pambali pawo, undiuze iwe?"

"Aanti, inetu ndimayamba ndi kakang'ono!"

"Sunayambe! Malemu..."

Anaima pomwepo, dzanja pakamwa. Madzi a phulusa ankamveka akudontha kuchokera m'chipewa chapinki.

A Triza anadzuka, anatseka chitseko, anakhalanso. "Bambo, dzina lanu ndani?"

"Crispin, madamu." Ndinagwada, ndodo inagwera uko. "Chonde, nkhani ndi nyumba. Ana atatu. Mukanena, tigona panja."

"Dzukani. Ndinadziwa mutangolowa. Odwala anga sakwera masitepe awiriawiri." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "A Fackson anadinda chala papepala lonena kuti za m'kafukufuku sizipita kwa abwana awo. Ine za nyumba si zanga. Ndikufuna chinthu chimodzi basi: tsiku."

"Madamu, simungangowaika kachizindikiro kaja? Ka osamuka? Pajatu anasamukadi."

"Kachizindikiro n'ka amene sitikudziwa. Awa tikudziwa. Ndikawasiya amoyo, mawa bwana wanu atumiza anthu otupa miyendo kumunda atanyamula pepala langa."

Ndinaganiza za amayi ena a nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene amapuma katatu popita kumpopi. 

"Pa 12 Juni, 2016," anatero aanti. "Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi."

A Triza analemba, n'kudina. Msewu wa ndege uja unathyoka, sitepe inagwa mpaka pansi. Mankhwala a tiyi anathera pomwepo. Aanti anayang'anitsitsa galasilo nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka zonsezi ndimati akadali kuyankha kusikelo," anatero. "Lero ndiye apitadi."

A Triza nawonso nkhope inagwa, koma iwo ankalira chaka chawo chimene anataya pothamangitsa mzukwa. Anaitana Stafford, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko.

"Odwala enawa munawaona ndi maso?"

"Madamu, maso ndi zinthu zosiyanasiyana..."

"Muwayendera onse. Ine ndili pambuyo panu."

Mpaka lero Stafford akandiona amawoloka msewu. Anawonda, mnyamata uja.

Ine mumtima ndinali ndikuvina kale. Chinsinsi chasungika, nyumba yapulumuka! Ndinatolera nsanza zanga, ndinakonza chipewa, ndipo chitseko chinatseguka. A Limbikani, faelo m'manja, nkhope ngati aona njoka m'galimoto.

"A Namulekha! Apa palembedwa kuti munabadwa 1950!"

"Ee, bwa-a-na."

"Zaka 74! Munayenera kupuma kalekale! Akamva akuluakulu kuti ndikugwiritsa ntchito nkhalamba yodwala mtima, ndithera kuti ine? Ayi, ayi. Mwagwira mokwanira, agogo. Mwezi uno mukupuma."

Ndinayang'ana a Triza. Anali akutseka kompyuta. Ndinayang'ana aanti. Anali akuwerenga malata. Ndinene kuti ndine Crispin, ndathyola zaka eyiti ndi nambala ya womwalira? Ndinene kuti ndine Fackson? Ndinangoti, "Zikomo, bwa-a-na," n'kutsokomola. Kakang'ono kawiri, kenako chachikulu.

"Eya," anatero aanti chapansipansi. "Tsopano wakhoza."

Mwambo unachitikira pabwalo la mpira. Ndinadzolanso phulusa, tsiku limenelo kunali dzuwa. Komboni yonse inabwera, anthu oti maliro a amalume anadya nawo nyemba, onse nkhope zaulemu. A Dan anayankhula m'malo mwa antchito: "Bambo awa, chiwadziwireni, sanasinthe." Anthu anaombera m'manja mpaka ena kugwa pabenchi. Ndinalandira setifiketi, bulangeti, ndi kalata yoti nditulukemo m'nyumba pakutha pa masiku sate. Kaenvelopu ka ndalama zopumira kanakwera kabaza ndi aanti, ati mwini thukuta loyamba anali mwamuna wawo.

Ndinafika kunyumba ndikukoka miyendo, ndikupeza Teleza akutsuka mawindo, akuimba.

"Ukutsukira ndani? Tikutuluka."

"Mukutuluka ndinu. Malo a 417 atatseguka ndinapita kwa a Dan. Masizoni naini ndathyola, osajomba. Andilemba yokhazikika." Anatulutsa kiyi pachifuwa n'kumugwedeza. "Nyumba ino ndi ya nambala 862. Mukafuna kukhala, tikambirana. Nsapato muzivulira panja."

Ndiye sizoni itayamba ndinapita kukalembetsa, ndi dzina langa, nkhope yanga, mano anga onse sate-thu. Kalaliki wa ku ofesi anafufuza m'mabuku, kutsogolo, kumbuyo.

"A Crispin, palibe paliponse polembedwa kuti munathyolapo tiyi."

"Ine? Wa sevente-faifi?"

"Ameneyo anali a Namulekha, anapuma. Katswiri ameneyo, mukanamuona! Inu mulowa gulu la ophunzira."

Moti amwene, mukadutsa kumunda wa kumtunda Lolemba, mudzaona bambo wamkulu ali pamzere ndi ana a dzana, dengu kumsana. Kutsogolo kuli mphunzitsi, nambala 862, atakweza kamphukira m'mwamba: "Masamba awiri ndi kansonga, a Crispin. Mwamva, kapena ndibwereze?"

Ndimati abwereze. Nanga nditani, kiyi ali ndi iwo.