Tsiku limene pampu inandigwiritsa mwendo wa apongozi

Anzanga, kukonda banja sikulakwa, koma musamalikonde ndi pampu ya kampani.

Nthawi imeneyo ndinkayang'anira zamadzi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo abwana anali atangotigulira kompyuta yojambula mapaipi onse. Umangoiuza nthawi yoyatsira pampu, iyo n'kukuonetsa mmene madzi atsikire m'thanki ndi kumene akafike. Nyumba yathu inali kumtunda kwenikweni, kumene mpopi unkangotulutsa mphepo. Mkazi wanga Esinati anali atangochira mwa opareshoni, adokotala atamuletsa kunyamula zolemera. Apongozi anabwera kuchokera ku Luchenza kudzathandiza, ndipo ndikawaona akukwera chitunda chija ndowa ili pamutu, mtima unkandipweteka. Koma ndiwauze bwanji? Ife tinkapatsana ulemu wa kwathu, iwo akadzera uku ine uko, moni kudzera mwa Esinati.

Ndiye ndinakhala pa kompyuta paja mpaka ndinapeza nzeru. Thanki ikadzaza kupitirira theka, n'kuyatsa pampu yaing'ono yokankhira madzi kumtunda, madzi afika pakhomo panga, kufakitale osasowa kanthu. Abwana anavomera kuti tiyese. Ndinasankha tsiku limene Esinati ankakachotsetsa ulusi kuchipatala ndi apongozi, ati akadzabwera adzadabwe.

Anadabwadi!

Kodi kompyuta ingadziwe khalidwe la anthu osowa madzi? Iyo inkayesa mipopi yonse ndi yotseka. Ife akumtunda mpopi tinkangousiya chitsegulire kuti ukalira timve, ndipo wakwathu unali pasinki yodzaza matewera odikira madzi omwewo. Nditayatsa pampu ndinaona thanki ikutsika msanga kuposa mmene kompyuta inanenera, ine m'malo modabwa ndinati, “Anthu akutunga, akondwa!” n'kuwonjezeranso mphamvu. Nzeru zimenezo!

Masana ndinakwera chitunda ndikuimba mluzu, ndipo ndinapeza Esinati ndi apongozi atangofika kuchokera kuchipatala, atangotsegula chitseko. Madzi akutuluka m'nyumba, thewera likuyandama kutsogolo, nsapato yanga ya kutchalitchi ikulilondola pambuyo, thumba la ufa lasanduka phala. Ndinathamanga kuti ndikatseke mpopi, kuiwala kuti pakhonde apongozi anapaka polishi dzulo lake. Phazi linapita lokha. Ndinatsetsereka chagada, manja kufuna pogwira, ndipo chimene ndinagwira, nganganga ndi manja awiri, chinali mwendo wa apongozi.

Ndinalakalaka madzi aja atandikokolola mpaka ku Luchenza.

Apongozi anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

“Abambo a Chisomo,” anatero, “ife timafuna ndowa imodzi basi. Inu mwatibweretsera mtsinje wonse wa Thuchila?”

Kenako anaphulika kuseka. Esinati anagwira pamimba. “Amayi, musandiseketse, bala lindipweteka!”

Tinakolopa tonse awiri, ine ndi apongozi, Esinati atakhala pampando ndi khanda akutilozera motsala madzi. Tili mkati, apongozi anafinya thewera pampopi paja, madzi akuthira ndithu, n'kunena chapansipansi kuti, “Mwachita bwino, bambo. Khosi langa lipumeko.” Kunena zoona, misozi inalengeza, ndinanamizira madzi a pansi aja.

Chitunda chija sanakwerenso ndi ndowa. Koma mpaka lero ndikafika ku Luchenza, amayamba abisa miyendo m'chitenje n'kufunsa ngati pampu ndaisiya yozimitsa. Ine ndinalumbira: kompyuta inene zonena zake, pampu sindiyatsa ndisanakaone mpopi wa kwathu, ndipo pakhonde pa polishi ndimayenda ngati nkhalamba.