Mpando wa ng'ombe ziwiri

Ndikulumbira pali amayi anga, zonse ndikunenazi n'zoona. Wofuna kuseka aseke, manyazi ndinachita kale.

Nkhondo itatha tinachoka ku Malawi kubwerera kwathu ku Chiuta, kutsidya kwa malire, ine, mkazi wanga Nambewe ndi ana atatu. Pa Insaca tinakwera ngolo yokokedwa ndi thirakitala, ife pakati, mbuzi za eni ake m'mbali. Mtima wanga unali pa amayi. Pothawa paja anakana kunditsatira, amati miyendo yawo sidziwa Malawi. Zaka zonsezo, ngakhale kalata.

Ana sankawadziwa agogo awo, ndiye m'ngolomo ndinkawafotokozera. "Mukawapeza atakhala pa mpando umene ndinawakhomera ine. Administradolo, mkulu wa boma lathu, anaufuna, anabwera ndi ng'ombe ziwiri, ine ndinakana."

Nambewe ankangoyang'ana mbuzi.

Titatsala pang'ono kufika, mvula inakhuthuka. Ngolo inatitimira m'matope mpaka mbuzi zinayamba kuphunzira kusambira. Tinathamangira m'kantina, sitolo yakale ya zipupa zobooka ndi zipolopolo. M'katimo munali mitondo, makasu, miphika, zitseko, zonse zondandalikidwa bwinobwino, ndipo pakona panakhala mkulu wina wovala kofiya.

Ine ku Blantyre ndinagwirapo ganyu yotchetcha udzu pa myuziyamu, ndinkasuzumira pawindo. Ndiye ndinadziwiratu.

"Ana inu, manja kumbuyo. Ino ndi myuziyamu, kuno amati muzeu. Boma limasungamo zinthu za anthu akalekale."

"Bambo a Zione, tafunsani kaye," anatero Nambewe.

"Anafika folomu ndani pakati pa iwe ndi ine?"

Folomu sindinafike, koma Nambewe anandileka.

Ndinawaonetsa mtondo, ndinati ankasinjiramo minyanga ya njovu. Ndinawaonetsa khasu, ndinati linalima dziko lisanaume. Kenaka tinafika pa kampando kakuda bii ndi utsi, komangamanga ndi luzi.

"Taonani aka. Nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuyeza. Mwendo wina ukupita kutchalitchi, wina kumowa. Amene anakhoma aka mutu sunkagwira."

Mkulu uja anatsokomola. "Mwanena zoona, baba. Anakhoma ndi mwana wa a Nangondo, ankamuti Fulasiko. Mmisiri wa pakamwa. Koma ino si muzeu. Anthu atathawa ndinatolera zotsala m'nyumba zawo, kuti eni akabwera adzazipeze."

Fulasiko ndine. A Nangondo ndi amayi anga.

Zione, mwana wanga woyamba, anandikoka malaya. "Ababa, ndi uja wa ng'ombe ziwiri?"

Ndinafunsa mkuluyo, mawu akutuluka ngati a nkhuku yonyowa: "Nanga eni ake ali kuti?"

"M'mawa uliwonse ankaukokera kumsewu, n'kuika phale pansi pa mwendo waufupiwo, kudikira mwanayo. Tinkawauza kuti khalani pamphasa, mugwa. Iwo amati ayi, akadzabwera andipeze pa mpando wake. Tinawaika m'manda chaka cha chilala chija." Anandiyang'anitsitsa. "Kodi munkawadziwa?"

"Mmisiri uja ndi ameneyu," anatero Nambewe, atandigwira dzanja.

Mkuluyo anavula nsapato, anakhala pansi pafupi nane. Denga la kantina linkadontha, ndipo madontho ake ankagwera pankhope panga penipeni, kutsikira m'ndevu.

Mvula itakata tinakankha ngolo, mpando tinaukweza. Ndinati ndikhalapo ine mwini wake, ana aone kuti ndi wolimba. Thirakitala itangolowa m'dzenje loyamba ndinapezeka chagada pakati pa mbuzi, miyendo m'mwamba. Ana anaopa kuseka. Anayamba kuseka ndi Nambewe, misozi ili mbwembwembwe, akuti: "Amayi zaka zonsezo sanagwepo, mwini wake mayadi khumi."

Usanatukwane mmisiri, yamba wafunsa dzina lake.

Mpandowo ulipo mpaka lero, ndi phale lake, bwerani mudzauone. Chimodzi chokha ndawonjezera: denga la kantina lija silinkadontha.