Tsiku limene ndinapulumutsa Mayi Sharon pa nyanja ya mchere

Anzanga a kutchalitchi mwakhala mukundifunsa chimene chinandisupula chibwano. Ndimayankha kuti ndinagwa, ndipo sindinama ayi, kungoti kugwako kuli ndi nkhani yake.

Ndisanabwere ku Perth kuno ku Australia ndinkakhala ku Canada. Ndinapitira sukulu, koma chimene chinadyetsa banja ndi thiraki. Zaka zisanu ndi zitatu, nyengo yozizira ikafika, ndinkanyamula mafuta ndi makina kupita ku migodi ya kumpoto, kudutsa pamwamba pa nyanja zoundana. Msewu wake ndi ayisi basi, pansi pake madzi akuya. Malamulo a kumeneko amalowa m'magazi. Lamba wa pampando sumanga, kuti zikavuta utuluke msanga. Suthamanga, chifukwa liwiro limautsa funde pansi pa ayisi, fundelo n'kukaswa msewu kutsogolo kwako. Galasi umatsitsa kuti uzimva ayisi akamalira. Ndipo akalira moipa, umalumpha n'kugona chafufumimba kuti thupi lisalemere malo amodzi.

Mkazi wanga atatisiya, mwana wathu Tadala, yemwe ndi namwino, anandiitana kuti ndidzakhale naye ku Rockingham, kufupi ndi Perth. Ndinatha chaka pampando umodzi. Iye ankachokera ku ntchito n'kundipeza pomwe anandisiya. Ndinaona kuti ndikumulemera mwanayu, ndipo sindikunena za chakudya. Choncho ndinasinthitsa laisensi n'kufunsira ntchito ku kampani ina yonyamula makina ku Kwinana. Anandipatsa ulendo umodzi woyesera, wondiyesa atakhala pambali panga. Pa msinkhu wangawu, mwayi wotero sagawa kawiri.

Wondiyesayo anali Mayi Sharon, wamfupi, wa imvi, wosakonda zolankhula. Katundu wathu anali katapila, chimakina chokumba nthaka, wopita ku famu ina ya kum'mawa. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa lake lija mukulidziwa. Maola atatu ndinayendetsa bwino kwambiri, mpaka mayiyo anati, "Elias, ukuyendetsa ngati wanyamula mazira." Mumtima ndinati ntchito ndaipeza.

Kenako tinasiya msewu wa tala, tinakwera kamtunda, ndipo kutsogolo kunangoti mbee! Nyanja yonse yoyera, yosalala, msewu wafumbi utadutsa pakati pake. Mutu wanga unkadziwa kuti ndi mchere, imodzi mwa nyanja zouma zimene zadzaza kumeneko. Ndinaphunzira ine, mapepala ndili nawo. Koma manjawa sanapite ku sukulu.

Ndinangomva lamba wanga akuti kwethe. Ndani wamumasula? Ineyo. Phazi linachoka pa mafuta, thiraki n'kuyamba kukwawa. Ndinazimitsa choziziritsa mpweya, ndinatsitsa galasi, mphepo yotentha ngati ya mu uvuni n'kulowa, ine khutu lili panja, ndikumvetsera.

"Elias, chavuta n'chiyani?" anafunsa Mayi Sharon.

"Shhh," ndinatero.

Tangoganizani, kumuuza shhh munthu amene wagwira cholembera cha tsogolo lako!

Kumbuyo kwathu kunafika thiraki ina ya ngolo zitatu, dalaivala wake n'kulankhula pa wailesi ya madalaivala: "Inu a katapila, mukuyendetsa kapena mukukankha?" Ine kumuona pagalasi atayandikira chonchi, mtima unangoti phaa, chifukwa pa ayisi mathiraki awiri sayandikana. Ndinatsegula chitseko changa pang'ono. Kenako ndinaona kuti mayi uja akadali womangidwa, ndipo chifundo chinandigwira. Ndinatambasula dzanja n'kumumasulira.

"Dzanja lako likufuna chiyani pa lamba wanga?"

Ndisanayankhe, kunamveka phokoso lija. Thee! Aliyense amene anayendapo pa nyanja youndana amalidziwa, ndi ayisi akung'aluka, palibenso china. Ndinakoka buleki, mwamwayi dzanjalo linakumbukira chimenecho, ndinakuwa kuti "Lumphani, mayi!" ndipo ndinauluka. Bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, wa tayi, kutsetsereka pa msewu mpaka pa mchere, chibwano patsogolo, manja ndi miyendo balala ngati chule wopondedwa ndi galimoto.

Ndinagona pamenepo kudikira madzi ozizira. M'malo mwake mimba inayamba kupsa. M'kamwa munali mchere, ntchentche zinafika kudzazonda, ndipo nzeru zinabwerera imodziimodzi, mochedwa ngati alendo a paukwati.

Nditadzutsa mutu, Mayi Sharon anali pa chitseko, akundiyang'ana kuchokera pamwamba. M'manja anali ndi botolo lawo la madzi, lija anthu a kuno amaligoneka mufiriji kuti liundane. Mphepo yotentha imene ndinailowetsa ndekha ndi imene inang'alula ayisi wa m'botolomo. Khutu langa silinaname, abale. M'chigawo chonsecho munali ayisi wokwana m'dzanja limodzi, ndipo ine ndinamumva.

Dalaivala wa kumbuyo uja anatsika n'kufunsa ngati ndikupemphera.

Ndinadzuka, ndinasasa tayi, ndinafotokoza zonse mwaulemu. Mayiyo anamvetsera osaseka, anandipatsa botolo lomwelo kuti ndiike pachibwano, kenako anati, "Za lambazi ndilemba kuti walephera, sindingachitire mwina. Koma ndayesa madalaivala ambiri, ndipo ndiwe woyamba kuganiza zondipulumutsa. Ubwerenso Lolemba. Ndisankha njira yopanda nyanja."

Madzulo Tadala ataona chibwano anayamba zaunamwino, thonje ndi mankhwala, nkhope ili gwa. Ndinamufotokozera. Nditafika pa chule paja, thonje linagwa. "Adadi! Mwagona pa mchere? Ndi tayi?" Anaseka mpaka anakhala pansi m'khitchini, misozi ili mbwee, ndipo ndinamva munthu wina akuseka naye, mawu okhala ngati achita dzimbiri. Anali anga. Chiyambire maliro, m'nyumbamo simunamveke zotero.

Lolemba ndinakhoza. Ndayamba ntchito, ndipo anyamata a pakampani akunditchula kuti Wopulumutsa, ndikulandira. Koma ndalumbira: lamba wanga, ngakhale wa munthu wina, sindidzamukhudzanso galimoto ikuyenda. Ndipo m'dziko lino chinthu choyera chikandiopsa, ndiziyamba ndaima n'kuchilawa.