Bipi Yamanyazi ya a Alufeyo

M'komboni monse mwa Soshanguve munali munthu mmodzi yekha wopempha anzake kuti amutukwane: a Alufeyo. Amene munkakwera sitima ya m'mawa cha m'ma 1984 mukuwakumbukira, bambo wamfupi wa ku Ntcheu, fomu ya boma m'thumba la jekete, akugwira anthu mapewa.

"Achimwene, tandinenani chilichonse chowawa. Lero ndikukaonana ndi dokotala."

A Alufeyo anagwira ntchito ya m'galadeni ku Lynnwood, kumayadi a azungu, zaka zoposa makumi awiri, kenaka bipi inawagwira. Akawerama pamaluwa, m'maso munkachita mdima. Nesi wa kukiliniki anawauza mosabisa kuti akapitiriza kukumba padzuwa adzagwera pomwepo. Populumukira panali pamodzi: penshoni ya odwala. Koma fomu yake inkafuna siginecha ya dokotala wa boma, ndipo dokotalayo ankafuna kuona yekha bipi itakwera.

Vuto linali benchi yodikirirapo dokotala. Munthu amene sanakhalepo pansi masana apakati pasabata, mumuike pabenchi, pamthunzi, maola asanu, mukuganiza kuti atani? A Alufeyo ankagona, kukamwa kuli yasa. Powadzutsa, magazi ali phee.

"Ulibe vuto, madala. Bwerera kuntchito," anatero dokotala, osawayang'ana n'komwe.

Akazi awo, mayi Elube, zinawanyansa. Ulendo wachiwiri anawathirira mchere wodzaza dzanja mutiyi. A Alufeyo anamwa molimba mtima, n'kukasanza zonse pasiteshoni.

Ulendo wachitatu mayi Elube anawaperekeza, atatenganso a Yobu, mnzawo wodziwika ndi pakamwa poipa, kuti azikawatukwana pabenchipo.

"Mutu ngati chitsa! Kwanu ku Ntcheu anakuiwalani, ndi agalu omwe!"

A Alufeyo anaseka mpaka misozi.

"Musaseke, abambo, kwiyani!" anakalipa mayi Elube.

A Yobu anatsitsa mawu. "Mwana wa bwana wanu uja, munkamubereka kumsana, lero wamera ndevu ndipo akukuitanani kuti boyi."

A Alufeyo anasiya kuseka. "Eish, zimenezo ndinazizolowera," anatero. Posakhalitsa anali kuliza mkonono.

Ulendo wachinayi anaganiza zanzeru. Atatsala pang'ono kuitanidwa anatuluka, n'kuthamanga mozungulira chipatala katatu, jekete lili m'manja. Analowa ali wefuwefu. Dokotala anawamanga lamba pamkono, anapopa, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso. Mayi Elube, amene anawaperekezanso, anasendera pafupi.

"Yakweradi," anatero dokotala. "Koma ndakuona pawindo. Munthu wothamanga chonchi angalephere kugwira fosholo?"

Pobwerera m'sitima a Alufeyo anaifotokoza nkhaniyi mpaka anthu kugwira nthiti. Mayi Elube okha sanaseke. Ankayang'ana mtsempha umene unkagunda pachipumi cha amuna awo.

Mu Okutobala 1986, akusesa maluwa a jakaranda pageti pa bwana, a Alufeyo anagwa chafufumimba. Adona anawapeza masana, pobwera kudzafunsa chifukwa chimene madzi ankangotayikira pakapinga.

Masiku ano sitima ya m'mawa imangodzaza anthu osinza. Palibe wogwira mnzake phewa. A Yobu anasiyiratu kutukwana, akuti sikukomanso. Zimandiwawa, ndipo sindibisa: tinkaseka munthu akupempha kuti apume.

Chikalata cha imfa chinatuluka tsiku loika maliro. Mayi Elube sadziwa kuwerenga, ndiye anapatsa a Yobu kumanda komweko.

"Alemba kuti chawapha n'chiyani?"

"Bipi, amayi."

"Wasayina ndani?"

A Yobu anayang'anitsitsa m'munsi mwa pepalalo. "Dokotala yemwe uja."

Mayi Elube analanda pepalalo, anagwada pamutu pa manda, n'kulitambasula bwinobwino padothi.

"Abambo," anatero, "wasayina. Mutha kupuma tsopano."